Kwa achemwali a ku Matawale amene atopa ndi kuyezetsa

Achemwali, ndawerenga zomwe mwalemba, zoti bambo akunyumba awapeza ndi khansa yosowa yotchedwa sarcoma pantchafu, ndipo chiyambireni n'kuyeza kokhakokha: lero magazi, mawa sikani, mkuja ku Kwinzi (chipatala chachikulu cha ku Blantyre), mankhwala osayamba. Mwafunsa ngati madokotala sakungokutayitsani nthawi. Pepani kwambiri. Ine ndinakhalapo gadiyani wa alongo anga pa matenda omwewa, ndiye kutopa mukunenako ndikukudziwa.

Sikuti akuzengereza ayi. Sarcoma ilipo mitundu yoposa 50, ndipo chithandizo chake sichifanana. Ina imafuna opaleshoni kaye, ina imayamba ndi kemo (mankhwala amphamvu opha khansa), ina kemo sayimva kwenikweni. Kanyama kamene amadula pachotupa kuti akayeze ndi kamene kamaulula mtundu wake, koma akatswiri oyeza tinyama timeneti m'dziko muno ndi ochepa, n'chifukwa chake zotsatira zimatha masabata. Sikani ya pachifuwa musadabwe nayo poti chotupa chili pamwendo: khansa imeneyi ikamafalikira imakonda kuthamangira m'mapapo. Magaziwo akuona ngati impso ndi chiwindi zingapirire mankhwala.

Achibale ena akuuzani kuti chotupa akachibaya ndiye chimalusa. Musawamvere. Dokotala amasankha mosamala pobaya. Choopsa ndi kutemera mphini kapena kukachichotsetsa mwachangu pa kachipatala kena mtundu wake usanadziwike. Chonde zimenezo mukane, ngakhale atanena ndi apongozi.

Za CT scan zija mukuti bambo akuopa, auzeni kuti sizipweteka ndipo ndi mphindi zochepa. Nthawi zambiri amalowetsa mankhwala mumtsempha kuti chithunzi chioneke bwino. Akangolowa, thupi lonse limamva kutentha, mkamwa mumamveka ngati mwanyambita chitsulo, ndipo munthu amaona ngati wadzikodzera pomwe sanatero. Alongo anga anatuluka ali ndi manyazi, akugwiragwira thalauzi, chifukwa sanadziwiretu. Ngati bambo ali ndi mphumu, amamwa metformin wa shuga, kapena mankhwala ena anawatulutsapo zidzolo, nenani asanayambe. Funsaninso ngati akuyenera kupita osadya. Sikani ina yotchedwa MRI ndiyo imachedwa, theka la ola kapena kuposa, ndipo imachita phokoso logogoda. Atseke maso asanalowe, zachitsulo zonse asiye kunja.

Ntchito yanu yaikulu ndi mapepala. Kabuku ka kuchipatala, kalata yochokera ku Zomba Central, zotsatira zilizonse, zijambuleni pafoni tsiku lomwelo, kenako muziike m'jumbo imodzi yosalowa madzi. Akatenga kanyama kapena magazi, musachoke musanafunse kuti nambala yake ndi chiyani, mudzabwere liti, mudzafikire chitseko chiti. Tsiku likakwana osamva kanthu, pitani mukafunse. Kufunsa si mwano. Ndipo poti ulendo wa ku Blantyre umadya ndalama, minibasi mpaka ku Limbe kenako ina yopita ku Kwinzi, pemphani anamwino ngati n'kotheka kuphatikiza zoyeza ziwiri tsiku limodzi.

Ululu usadikire zotsatira. Ku Kwinzi kuli kiliniki ya Tiyanjane yothandiza odwala matenda aakulu, ndipo morphine wamadzi, mankhwala amphamvu opha ululu, alipo m'zipatala za boma. Kupatsidwa ameneyu sikutanthauza kuti munthu watsala pang'ono kutisiya, n'kuti agone tulo ndi kudya.

Chimene chinandisautsa kwambiri ine ndi usiku, pamene wodwala wagona iwe maso ali gwa, ukuwerengera zoipa zokhazokha. Pezani munthu mmodzi, wa kumpingo kapena mchemwali wanu, woti muzimuuza zonse ndi kusinthana naye maulendo. Kupemphera pempherani, koma tsiku la kuchipatala lisakuphonyeni.

Bambo akayamba kubanika, kutentha thupi kwambiri, kapena chotupa chikayamba kutuluka magazi, musadikire tsiku lolembedwa m'kabuku. Thamangirani ku Zomba Central nthawi yomweyo, jumbo ya mapepala ili m'manja.