Kodi mliri wa makoswe unamasuladi osauka a ku Ulaya?

Wowerenga wina amene akuphunzira mbiri yakale wanditumizira imelo. Akuti mphunzitsi wawo amanena kuti mliri wa makoswe wa m'ma 1300 "unamasula osauka a ku Ulaya", ndiye akufunsa ngati angalembe choncho pamayeso. Mawu akuti "unamasula" ndi amene andiyabwa, choncho mundipirire.

Mliriwu unafika padoko la Messina ku Sicily mu 1347 pa zombo zochokera ku Caffa, doko la m'mbali mwa nyanja ya Black Sea, ndipo m'chaka chotsatira unalowa ku England. Kachilombo kake, Yersinia pestis, kamayenda ndi utitiri wa makoswe. Wodwala ankatupa mwanabere m'mphechepeche, m'khwapa kapena m'khosi, ndipo ambiri sankatha sabata. Pofika 1351, munthu mmodzi mwa atatu alionse ku Ulaya anali atamwalira, madera ena theka. Ku Canterbury, m'dziko la England, Thomas Bradwardine anakhala bishopu wamkulu kwa milungu yochepa chabe mu 1349, polowa m'malo mwa mnzake amene mliri womwewo unamutenga, kenako unamutenga iyenso. Ansembe anachepa mpaka bishopu wa ku Bath and Wells analola odwala kuulula machimo kwa munthu wamba, ngakhale wamkazi.

Tsono ganizirani mudzi wa ku England mliri usanabwere. Anthu anali ochuluka, minda yochepa. Alimi ambiri anali omangika pa malo a mwinimunda: ankamulimira masiku angapo pasabata popanda malipiro, kuti aloledwe kukhala pakamunda kawo. Amene anamvapo za thangata wa m'maesiteti a kummwera kwa Malawi sangavutike kumvetsa. Mlimi akamwalira, mwinimunda ankatenga chiweto chabwino koposa cha banjalo. Mu 1349 eniminda ena anatolera ng'ombe zambirimbiri mwanjira imeneyi, koma wozigula kunalibe, woziweta kunalibenso. Tirigu anacha m'munda osakololedwa. Waganyu amene anapulumuka anazindikira msanga kuti manja ake akwera mtengo: ukandipatsa zochepa, ndipita kwa mnzako kutsidyaku.

Apa ndi pamene aphunzitsi ambiri amaimira, ngati kuti eniminda anangopinda manja. Ayi ndithu. Mu 1349 momwemo, maliro asanathe n'komwe, Mfumu Edward III inalamula kuti aliyense wamphamvu wosakwana zaka 60 amene alibe pogwira azivomera ntchito, pa malipiro a mliri usanabwere. Mu 1351 nyumba ya malamulo inachita kulemba mitengo: womweta udzu makobiri 5 pa ekala kapena patsiku, wokolola makobiri 2 sabata yoyamba ya Ogasiti ndi 3 pambuyo pake, mmisiri wamkulu wa matabwa makobiri 3 patsiku. Wokana ankamutsekera miyendo m'matabwa obowola pabwalo. Mu 1363 anafika pokhazikitsa lamulo la zovala, kuti wolima asavale nsalu yodula. Boma likayamba kulondera malaya a anthu, dziwani kuti m'matumba mwawo mwalowa kanthu.

Malamulowa anaphwasuka chifukwa eniminda eniakewo ankaberana antchito. Pamaso pa woweruza ankalipira mtengo wa lamulo, kuseri n'kuwonjezera nyama, mowa ndi tirigu. Ena anatopa nazo, minda n'kuisandutsa msipu wa nkhosa, poti mbusa mmodzi amakwanira pamene pankafunika olima ambiri, komanso ubweya unali ndi msika ku Flanders, dera la owomba nsalu kutsidya kwa nyanja. Enanso anangobwereketsa mindayo kwa alimi pa lendi ya ndalama.

Ndipo mliri sunabwere kamodzi. Unabwerera mu 1361, n'kupha ana ambiri, kenako mu 1369. N'chifukwa chake chiwerengero cha anthu sichinakwere msanga, ndipo waganyu anakhalabe wosowa kwa mibadwo ingapo. 

Sindingadumphenso za Ayuda. Anawanamizira kuti athira poizoni m'zitsime, ndipo ku Strasbourg pa 14 Febuluwale 1349 anawawotcha mazanamazana, mliri usanafike n'komwe mumzindawo. Ngongole zimene anthu anali nazo kwa iwo zinafafanizidwa. Papa Clement VI anali atalemba kale kuti Ayuda nawonso akufa ndi nthenda yomweyo, koma osamumvera. Amenewa anawamasula ndani?

Umboni wa ku Egypt

Ku Egypt mliri womwewu unapha anthu mofananamo, koma alimi sanapindule. Eniminda kumeneko anali akuluakulu a asilikali a Mamluk, gulu limene linkalamulira dzikolo, okhala ku Cairo, ndipo anagwirizana kufinya otsalawo. Ngalande ndi migula yothirira ya mumtsinje wa Nile, imene inkafuna manja ambiri chaka ndi chaka, inagumuka, zokolola n'kutsika. Kum'mawa kwa Ulaya nakonso alimi anadzamangika kwambiri m'zaka zotsatira. Nthenda imodzi, zotuluka zosiyana. Kwa ine apa mpamene mawu a aphunzitsi anu akugwera.

Ngakhale ku England komweko ufuluwo anthu anachita kuulimbirana. Boma litaika msonkho wa pamutu katatu, mu 1377, 1379 ndi 1380, womalizawo sheleni imodzi munthu aliyense, alimi a ku Kent ndi Essex anaukira mu 1381, n'kulowa mu London motsogozedwa ndi Wat Tyler. Mfumu Richard II, mnyamata wa zaka 14, anawalonjeza kuti ukapolo wa paminda watha. Tyler ataphedwa, lonjezolo linabwezedwa. Ukapolowo unatha pang'onopang'ono m'zaka za m'ma 1400, mlimi uyu kuthawa, uyo kuwombola ufulu wake ndi ndalama.

Pamayeso lembani chonchi: mliri unachepetsa antchito, malipiro anakwera, lendi inatsika, koma phindu linafika kwa osauka kokha kumene eniminda analephera kugwirizana. Tchulani lamulo la 1351 ndi kuukira kwa 1381, ndipo Egypt musamuiwale.