Multi-tool ya batire kapena ya nthambo: yankho kwa bambo amene akukonza nyumba

Bambo wina wa ku Lilongwe wandilembera kalata pa imelo. Akuti akuika matayilosi atsopano m'nyumba mwawo, ndipo mchimwene wawo amene ali ku Johannesburg walonjeza kuwabweretsera multi-tool, koma sakudziwa ngati apemphe ya batire kapena ya nthambo. Chida china cha batire alibe.

Bambo, zikomo polemba. Ine ndikuti pemphani ya nthambo, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Kwa amene sanakaonepo, kamakina aka mpeni wake suzungulira ngati wa grinder. Umangonjenjemera uku ndi uku, pafupifupi madigiri 3 okha, koma ka 20,000 pa mphindi imodzi mukatsegula mphamvu yonse. Kampani ya Fein ya ku Germany ndiyo idayamba nazo mu 1967, ndipo poyamba chinali chida cha m'chipatala chodulira pulasitala wa munthu wothyoka fupa popanda kucheka khungu. N'chifukwa chake kamadula mwaudongo pamalo opanikizika: pansi pa felemu la chitseko kuti tayilosi ilowe, bowo la soketi, msomali wobisika.

Tsono nkhani ili pa batire. Batire ya 18V ya 2Ah imasunga mphamvu yoti makina okoka mawati 200 aithe m'mphindi 11 zokha. Ya 5Ah imafika pafupifupi theka la ola, koma ndi yolemera ndipo mtengo wake ndi wina. Kudula mafelemu atatu kapena anayi, batire yaing'ono ikwanira. Koma ntchito yanuyo, yokokota simenti ya m'mizere ya matayilosi akale ndi kupala matabwa ndi sandipepala, imadya maola. Ine ndidayesapo kukokota bafa lonse ndi batire imodzi; nthawi yodikira tchaja idaposa nthawi yogwira ntchito, ndipo zidandiwawa chifukwa tsiku lidapita pachabe.

Ndikudziwa chimene mukuganiza: nanga magetsi akathima? N'zoona, ndipo apa ndi pamene ya batire imapambana. Kalipentala woyenda m'masaiti momwe mawaya sanalowe, kapena wokwera makwerero kukadula siling'i, asavutike ndi nthambo. Koma iyeyo nthawi zambiri ali kale ndi drill ya Makita, DeWalt kapena Ingco, mabatire awiri ndi tchaja, ndiye amangogula makina okhaokha a kampani yomweyo. Mabatire a makampani osiyana nthawi zambiri salowana. Inu mukayamba lero, mugula zinthu zitatu pakamodzi, ndipo batire yongokhala m'kabati miyezi yambiri, makamaka pa kutentha kwa Okutobala, imafooka ngakhale simukuigwiritsa ntchito. Ya nthambo ya mawati 300 mukhoza kuiiwala zaka ziwiri n'kuitulutsa ikulira bwinobwino, ndipo jenereta yaing'ono imaikwanitsa.

Chimene ndikufuna muwauzitse achimwene anu ndi nkhani ya mipeni. Anthu amakangana za batire n'kuiwala kuti ndalama zambiri zimathera pa mipeni, poti imatha msanga. Bosch ndi Fein adabweretsa kamangidwe kotchedwa Starlock mu 2016, ndipo makina a Starlock salandira mipeni wamba yotchipa ija. Choncho aone kaye kuti mpeni umamangidwa bwanji, ndipo agule yambiri komweko: ya matabwa, ya bi-metal yodula misomali, ndi ya carbide ya simenti ija. Mpeni wa matabwa ukangokhudza msomali umodzi, mano onse apita.

Makinawo akafika, pulagi ya ku South Africa ya mapini ozungulira siilowa m'soketi zathu za mapini amakona. Musakankhire mawaya m'soketi ndi timitengo ta machesi, chonde. Sinthani pulagi, mphamvu ya magetsi ndi yofanana, 230V. Ndipo podula musakanikize. Kagwireni mopepuka, muziyendetsa mpeni pang'onopang'ono kuti utuchi utuluke. Mukaona thabwa likuda ndi kununkha chopserera, ndiye kuti mwakanikiza kwambiri kapena mpeni wabuntha.