Za bimu ya chitsulo pochotsa khoma la pakati

Achimwene, mwafunsa saizi ya bimu (chitsulo chopingasa chonyamula katundu wa pamwamba) yoti muike mukagumula khoma la pakati pa sitingi rumu ndi khitchini, koma kungotiuza kuti mpata wake ndi mamita 4 sikokwanira ayi, nkhani yagona pa zomwe khomalo lasenza. Ngati ndi mitengo ya denga ndi malata basi katundu wake ndi wochepa, koma ngati pamwamba pali silabu ndiye zasintha, konkire yokhuthala 150mm imalemera makilo 360 pa sikweya mita, muonjezerepo anthu, mipando ndi khoma la m'mwamba ngati lilipo. Kumapeto konse bimuyo itsamire pa konkire mbali yosachepera 150mm m'litali, chifukwa njerwa zathu zootchazi zimaphwanyika zikapanikizika malo amodzi. Chonde pezani injiniya awerengetse bwinobwino, ndipo musachotse njerwa olo imodzi musanachirikize pamwambapo.