Bezi ya malemu bambo anu musaipente, dziwani kaye chomwe ili

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Blantyre, ndipo ndaifupikitsa chonchi. Bambo awo anamwalira chaka chatha. Pa katundu amene anasiya pali gitala ya bezi yomwe anabwera nayo kuchokera ku Joni kalekale, ankaimbira m'bandi, kenako kutchalitchi. Pamutu pake palembedwa kuti Fender Jazz Bass, Made in U.S.A., ndi nambala yoyamba ndi S8. Penti inasupuka m'malo ambiri, nsambo zinachita dzimbiri. Mnyamata wina woimba wabwera kale kawiri ndalama zili m'manja, pomwe amalume awo akuti iyambe yapita kwa openta magalimoto kuti iwale, mtengo ukwere. Funso lawo ndi lakuti: aipente kodi, nanga aigulitse ndalama zingati?

Achemwali, pepani ndi imfa ya bambo. Mwachita bwino kufunsa musanagwire kanthu, paja safunsa adadya phula. Za penti ndiyankha mosazungulira: musaipente, musaikwechese ndi sandipepala, musachotsepo kanthu kalikonse n'kuikapo katsopano. Amalume akulankhula ndi mtima wabwino, ndipo ikanakhala njinga kapena kabati bwenzi akunena zoona. Koma msika wa magitala akale umayenda mosiyana. Anthu amene amasonkhanitsa zida zimenezi amalipira chifukwa chakuti chidacho chili mmene chinatulukira kufakitale. Penti yoyambirira, ngakhale itasupuka pomwe mkono wa bambo unkakhudza zaka zonsezo, kwa iwo ndi umboni. Akaona penti yatsopano amayamba kufunsa kuti yabisa chiyani: thabwa linasweka kodi, thupili ndi la gitala ina kodi? Ogulitsa ambiri odziwa amawerengera kuti gitala yakale ikapentedwanso imataya pafupifupi theka la mtengo wake, ngakhale wopentayo atakhala katswiri.

Ine ndinaonapo zimenezi ndi maso anga, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Munthu wina anandibweretsera Precision Bass, mtundu wina wa bezi ya Fender, ya m'zaka za m'ma 1970 kuti ndiikonze waya. Inali itapentedwa kale mtundu wofiira wa galimoto, mapikapu ake enieni (tizipangizo totola mawu a nsambo) atatayidwa, m'malo mwake muli otchipa. Mwiniwake anachita zonsezo pofuna kuilemekeza. Inkalirabe bwino ndithu, koma chomwe chikanamupezetsa ndalama zenizeni chinali chitatha pansi ngati fumbi.

Tsopano tibwere pa nambala ija, chifukwa mtengo wa Fender umadalira kwambiri chaka. Leo Fender, yemwe anayambitsa kampani ya Fender, anatulutsa Precision Bass mu 1951 ku Fullerton, m'chigawo cha California, ndipo Jazz Bass inabwera mu 1960. Mu January 1965 anagulitsa kampaniyo kwa kampani ya wailesi ndi TV yotchedwa CBS pa madola 13 miliyoni. Chaka chimenecho ndiye malire aakulu pamsikawu. Zida zopangidwa CBS isanagule ndi zomwe anthu amalimbirana, ndipo Jazz Bass ya nthawi imeneyo yosasinthidwa kanthu imapitirira madola 10,000 kutali. Zopangidwa m'manja mwa CBS, mpaka pomwe anaigulitsanso mu 1985, zimatsika mtengo, makamaka za kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 pomwe fakitale inkathamangira kuchulukitsa katundu. Kuyambira 1976 nambala inayamba kulembedwa pamutu, ndipo S8 imatanthauza zaka za m'ma 1970, chaka cha 1978. Chokhacho n'chakuti timapepala ta nambalazi ankatisindikiza tambiri nthawi imodzi n'kumatigwiritsa ntchito kwa zaka zingapo, choncho S8 ikhoza kukhala ya 1978 kapenanso ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980.

Ndiye ngati ili yeniyeni, muli ndi chida chabwino chapakatikati. Mmene ndakhala ndikuonera, Jazz Bass ya zaka zimenezo yomwe zonse zili zake imagulidwa madola 2,000 kapena 3,000 kumisika ya kunja, nthawi zina kuposera apo ikakhala yosamalika. Ndikunena izi kuti wachibale wina asakusokonezeni ndi nkhani za pa intaneti za magitala ogulidwa mamiliyoni. N'zoona kuti gitala ya Fender Stratocaster yakuda ya David Gilmour, woimba wa gulu la Pink Floyd, inagulidwa madola 3.975 miliyoni pa okushoni ya Christie's ku New York mu 2019, koma anthu ankagula dzina la amene ankaiimba. Yanuyi siili m'gulu limenelo. Komanso si yoti ipite pa mtengo wa bezi yatsopano ya m'sitolo chifukwa choti penti inasupuka.

Mawu akuti "ngati ili yeniyeni" ndawanena dala. Dzina la pamutu ndi kapepala komata chabe, ndipo timapepala totere timagulitsidwa motchipa. Zabodza zilipo zambiri: mu November 2024 oyang'anira katundu wolowa m'dziko la America analengeza kuti agwira magitala abodza olembedwa dzina la kampani ya Gibson oposa 3,000 padoko la Los Angeles. Kalenso, m'zaka za m'ma 1970, mafakitale a ku Japan ankapanga magitala ofanana kwambiri ndi a Fender ndi Gibson pansi pa mayina ngati Greco, Tokai ndi Ibanez, ndipo ena mwa amenewa anadzamatidwa dzina la Fender ndi anthu pambuyo pake. Bambo anu akhoza kuti anagula ndi mtima woyera chinthu chomwe wina anali atasintha kale.

Pali zinthu zomwe mungaone nokha osamasula kalikonse. Itembenuzeni, muone pomwe khosi lalumikizana ndi thupi. Jazz Bass ya 1978 imakhala ndi masikulu atatu, osati anayi, pa kachitsulo kolembedwa chilembo cha F, ndipo m'munsi mwake muli kabowo kakang'ono kosinthira kapendekedwe ka khosi. Kumutu, pomwe nsambo zikuchokera pakhosi, muyenera kuona kachitsulo kotuluka kooneka ngati chipolopolo. Kameneko ndi mapeto a chitsulo chomwe chimadutsa mkati mwa khosi kuti lisapindike. Pakhosipo zizindikiro zake zimakhala zamakona anayi, osati timadontho, ndipo m'mbali mwake mumadutsa kamzere ka pulasitiki. Muiyikenso pasikelo. Zambiri za zaka zimenezo n'zolemera, makilogalamu 4 ndi theka kapena 5, ndipo wogula aliyense wodziwa adzakufunsani kulemera kwake chifukwa zopepukirapo zimakondedwa.

Umboni womwe ine ndimaukhulupirira kwambiri uli mkati. Pomwe pali tokwezera mawu titatu pali kachitsulo kowala komangidwa ndi masikulu atatu. Munthu wa manja odekha atha kukamasula n'kukatukula pang'ono, osakoka mawaya. Kunsi kwa tokwezera mawu, tomwe okonza amati ma pot, kumakhala manambala. Mukaona oyamba ndi 137, amenewo ndi a kampani ya CTS, ndipo manambala awiri otsatira ndi chaka, awiri omaliza ndi sabata. Mwachitsanzo, 1377832 ndiye kuti anapangidwa sabata ya 32 m'chaka cha 1978. Gitala siingakhale yakale kuposa ma pot ake enieni, ndipo chaka chawo chikagwirizana ndi nambala ya pamutu mtima umakhala pansi. Muonenso ngati powotcherera mawaya pakuoneka kuti sipanakhudzidwe. Khosi lokha musalimasule. Kunsi kwake kumakhalanso zidindo za kufakitale, koma imeneyo ndi ntchito ya munthu amene anaichitapo, ndipo muzikhala pomwepo akamamasula. Musaisiye kogona kwa munthu amene simukumudziwa bwino, chifukwa mapikapu enieni amasinthika pa mphindi zochepa inu osazindikira.

Mufufuzenso m'katundu wa bambo. Bezi zimenezi zinkabwera ndi zotchingira ziwiri zachitsulo, china pamwamba pa pikapu, china kumunsi komwe nsambo zimamangidwa, ndipo oimba ambiri ankazichotsa n'kuziponya m'dilowa. Zikapezeka, pamodzi ndi bokosi lake lenileni, zimawonjezera mtengo. Lisiti yogulira ndi chithunzi chilichonse cha bambo atainyamula muzisunge bwino. Zimasonyeza komwe chidacho chachokera, ndipo wogula wakunja amafuna kutsimikiza kuti sichobedwa.

Zonsezi zikagwirizana, mtengo muupeze motere. Pitani pa misika ya pa intaneti ya Reverb kapena eBay, mufufuze Jazz Bass ya 1978, koma muziyang'ana zomwe zinagulidwa kale, osati zomwe anthu akuitanira. Mlimi wa fodya amadziwa kuti mtengo womwe amaulota ali kumunda ndi wina, wa pa okushoni ndi winanso. Munthu atha kulemba madola 6,000 pa gitala n'kukhala nayo zaka ziwiri popanda woifunsa. Sankhani zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zofanana ndi yanu pa mtundu ndi kasamalidwe, muone pomwe zambiri zagwera, kenako muchotsere pa zolakwika zomwe yanu ili nazo. Nsambo zadzimbiri si vuto konse. Vuto lalikulu ndi khosi lopotoka, chitsulo chamkati chothyoka, kapena mbali zosinthidwa.

Kogulitsa ndiye kovuta, ndipo sindikubisirani. Kwathu kuno oimba amagula bezi kuti akaimbire, ndipo ochepa ndi amene angalipire chifukwa cha ukale wake. Ogula otere ali ku Johannesburg, ku Cape Town, ku London ndi ku America. Sitolo ya zida zakale ikagula kwa inu imapereka zochepera mtengo wa pamsika chifukwa nayo iyenera kupindula, ndipo ina imakugulitsirani n'kudulapo gawo lake. Mukagulitsa nokha mumapeza zambiri, koma kutumiza ndi inshuwalansi zimadya ndalama, komanso akuba a pa intaneti amakonda munthu wachilendo pamsika. Uthenga wa pafoni kapena chithunzi cha lisiti ya kubanki si ndalama. Bezi isachoke m'manja mwanu ndalama zisanaoneke mu akaunti yanu. Ngati muli ndi m'bale wodalirika ku Joni kapena ku UK woti akainyamula pamanja n'kukaionetsa m'masitolo awiri kapena atatu, njira imeneyo ndi yomwe ine ndingasankhe.

Pa malire a mayiko pali nkhani ya mitengo yotetezedwa. Mtengo wa rosewood wa ku Brazil, womwe unkaikidwa pakhosi la magitala ambiri akale kwambiri, uli pa chiletso chokhwima cha pangano la mayiko loteteza nyama ndi zomera lotchedwa CITES kuyambira 1992. Mitundu ina ya banja lomweli, lomwe muli phingo wathu uja, inalowa pa mndandanda mu 2017, koma kuyambira kumapeto kwa 2019 zida zoimbira zomalizidwa zopangidwa ndi mitundu inayi zinamasulidwa. Bezi ya 1978 siikhala ndi rosewood wa ku Brazil, choncho apa musade nkhawa kwambiri.

Chinthu china chomwe simunandifunse koma ndichinena: ichi ndi chuma chamasiye. Musanagulitse khalani pansi ndi mayi ngati alipo, ndi abale anu onse, muwauze mtengo womwe mwapeza ndi momwe mwaupezera. Ndaona mabanja akudana chifukwa mmodzi anagulitsa chinthu mwakachetechete, ena n'kudzamva mochedwa kuti chinali chodula. Mwinanso pa zidzukulu pali wina amene zala zake zikumuyabwa akaiona. Bezi imeneyi ikangoikidwa nsambo zatsopano n'kukonzedwa ndi munthu wodziwa, itha kuimba zaka zina 40. Zikapezeka kuti ndi ya ku Japan yomatidwa dzina, musataye mtima, chifukwa zambiri mwa izo n'zida zabwino zomwe zili ndi ozifuna ake, bola muigulitse pa dzina lake lenileni.

Pakadali pano ipukuteni ndi kansalu kouma kofewa, osathira polishi, mafuta ophikira kapena madzi. Musaigoneke pasimenti pansi pa bedi pomwe chinyezi cha dzinja chimaunjikana, ndipo isakhale pafupi ndi malata otentha kapena pazenera pomwe dzuwa limawomba. Ijambuleni masana panja pamthunzi: kutsogolo, kumbuyo, mutu mbali zonse ziwiri, kachitsulo ka masikulu atatu kaja, malo onse osupuka, ndi manambala a pa ma pot ngati mwapeza wokuthandizani kutsegula. Zithunzizo nditumizireni pa imelo yomweyi tizionere limodzi. Mnyamata woimba uja musamukalipire, mwina sakudziwanso chomwe akufuna kugula. Muuzeni mwaulemu kuti banja likukambirana ndipo adikire mwezi umodzi.