Beetle yovuta kulira: kodi ndiike pampu yamagetsi?

Funso la sabata ino labwera pa imelo kuchokera kwa mwini Volkswagen Beetle ya 1971, ya injini ya 1600. Akuti galimoto ikakhala masabata angapo osayenda, amapukusa sitata mpaka batire kufooka isanalire. Akutinso nthawi zina akayenda ulendo wautali n'kuima pang'ono, pobwerera imakana. Anzawo awauza kuti achotse pampu ya petulo yakale aike yamagetsi, ndiye akufunsa ngati atero, komanso agule yamtundu wanji.

Achimwene, musanamasule bawuti iliyonse, dziwani kuti mwandifotokozera matenda awiri osiyana, ndipo pampu yamagetsi imachiza amodzi okha. Enawo ingathe kuwakulitsa.

Tiyambe ndi kukana kwa galimoto imene yagonera. Kabuleta ya Solex 34 PICT-3, yomwe injini yanu iyenera kukhala nayo ngati sinasinthidwe, ili ndi kachipinda kosungira petulo, ndipo kachipindako kali ndi kabowo kopumira. Galimoto ikakhala, petulo amauluka pang'onopang'ono mpaka m'katimo kuuma. Tsono pampu yoyambirira ya injini zimenezi siigwira ntchito payokha. Imakankhidwa ndi kachitsulo kotchedwa pushrod, kamene kamayendetsedwa ndi shafiti yomwe imazunguza distributor, chogawira moto ku mapulagi. Injini ikakhala chete, pampu nayo ili chete. Pa sitata injini imazungulira mwaulesi, thanki ili kutsogolo, injini ili kumbuyo, ndiye batire ndi imene imavutika kudzaza kabuleta musanamve ngakhale kutsokomola.

Kutsimikiza zimenezi n'kosavuta. Tsiku limene galimoto yagonera, musailize. Chotsani sefa ya mpweya, suzumirani kukhosi kwa kabuleta ndi tochi, n'kukoka kamkono ka moto ndi dzanja. Mukaona kamzere ka petulo kakutsira kukhosiko, petulo alipo, vuto lili kwina. Mukangomva kuti fwee popanda dontho, kachipinda kauma. Fodya akhale kutali mukamachita zimenezi.

Kukana kwa injini yotentha ndi nkhani ina. Injini zozizira ndi mpweya zimadalira fani, ndipo mukangothimitsa, faniyo imaima koma zitsulo zikadali moto. Kutenthako kumakwera m'mwamba, kumene kuli pampu ndi kabuleta. Petulo amawira m'kachipinda muja n'kusefukira m'mapaipi olowera ku injini. Mukabwera patatha mphindi khumi kapena makumi awiri mumamva fungo la petulo, ndipo ikadzalira imatulutsa utsi wakuda. Apatu injini siili ndi njala, yakhuta mpaka yatsamwa. Pondani moto pang'onopang'ono mpaka pansi, musachotse phazi, ndiyeno pukusani. Osapopa ndi phazi, chifukwa kuponda kulikonse kumatsiranso petulo wina. Kenako yang'anani ngati malata onse ozungulira injini alipo, ndiponso ngati labala yotchinga pakati pa injini ndi bodi ili yonse. Amakaniko ambiri amataya timalata timeneti poganiza kuti n'tokongoletsa, chonsecho ndi timene timaletsa mpweya wotentha wa pansi kubwerera kwa fani.

Ndingodutsa pa chinthu chimodzi. Ngati sitata ikungoti khethe, kapena ikuzungulira ngati yatopa, pampu musainamizire. Onani lamba wa earth wochokera ku giyabokosi kupita ku chasisi, ndipo ganizirani zoika relay, kaswichi koyendetsedwa ndi magetsi, pafupi ndi sitata, popeza magetsi a galimotozi amayenda ulendo wautali kuchoka ku batire kupita ku kiyi n'kubwereranso. Mpata wa mavalavu ukhale 0.15 mm injini ili yozizira, wa mapointi a mu distributor 0.4 mm. Valavu yothina imavutitsa kuliza kuposa pampu yotha.

Tsopano mapampuwo. Ine ndimaikira kumbuyo pampu yoyambirira, ndipo sindibisa. Injini ikathima pangozi, iyonso imasiya kupopa, popanda waya kapena swichi. Koma ili ndi misampha yake. Mapampu a injini ya 1600 alipo amitundu iwiri: ya galimoto za jenereta, yomwe imaima chilili, ndi ya galimoto za alternator, yaifupi ndiponso yopendekeka kuti isagundane ndi alternator. Ya jenereta imafuna pushrod ya 108 mm, ya alternator kawirikawiri ya 100 mm. Mukaika kachitsulo katali pa pampu yofuna kakafupi, mumaipweteka m'kati kapena imapopa mopyola muyezo. Mukaika kakafupi pa yofuna katali, siipopa n'komwe. Galimoto yanu inabwera ndi jenereta, koma zaka zonsezi yadutsa m'manja ambiri, ndiye solorani kachitsuloko mukayeze nokha.

Chachiwiri ndi mphamvu ya kapopedwe. Solex imakhutira ndi pafupifupi 3 psi, yomwe ndi cha m'ma 0.2 bar. Mapampu ambiri atsopano ogulira m'malo mwa pampu yoyambirira ya kampani ya Pierburg amapopa kuposa apo. Mphamvuyo imagonjetsa kavalavu ka singano kotseka petulo m'kabuleta, petulo n'kumadontherabe injini itathima kale. Kukana kwanu kwa injini yotentha kungakhale kukuchokera pamenepa. Lumikizani geji yoyezera mphamvu ya petulo pakati pa pampu ndi kabuleta, muone singano ya gejiyo. Ikakwera kwambiri, mankhwala ake n'kuwonjezera magasiketi pansi pa pampu, imodziimodzi, mukuyeza. Gasiketi iliyonse imaikweza pang'ono kuchoka pa kachitsulo kaja, kapopedwe n'kutsika. Pomanga musalimbitse mopyola, chifukwa kampando ka bakelite kamene pampu imakhalapo kamasweka msanga, ndipo kakathina kachitsulo kamakakamira injini ikatentha.

Muli pomwepo, solorani ndodo yoyezera oyilo muinunkhize. Ikanunkha petulo, kapena oyilo akamachuluka yekha, mwina diaphragm, kalabala ka m'kati mwa pampu kamene kamapopa petulo, yang'ambika ndipo petulo akutsikira m'injini. Imeneyo si ya mawa. Sinthani pampu ndi oyilo yemwe musanayendenso.

Nanga yamagetsi? Ubwino wake ndi woona: mukatsegula kiyi imadzaza kabuleta injini isanazungulire. Yofala ndi kabokosi kakang'ono ka Facet, kamene kamagogoda kuti te te te kakamagwira ntchito. Palinso zozungulira ngati za Carter, zomwe zimapopa mosadukiza. Iliyonse imene mungasankhe, ikhale ya mphamvu yochepa yopangira kabuleta. Pampu ya galimoto za fuel injection musaiyandikize n'komwe, imapopa kakhumi kapena kuposa pa zimene Solex ingapirire. Ngati yomwe mwapeza ikupitirira 3.5 psi, mufunikanso regulator yabwino yochepetsa mphamvuyo, ndipo muiyezebe ndi geji, manambala olembedwa pa regulator musawakhulupirire.

Malo oiika ndi ofunika ngati pampuyo. Mapampu amagetsi amakankha bwino koma kukoka amalephera, choncho pa Beetle malo ake ndi kutsogolo, m'munsi mwa thanki, sefa ya petulo ili pakati pa thanki ndi pampu. Kuiika m'chipinda cha injini n'kuiika pamoto, komanso kuipatsa ntchito yomwe siitha. Magetsi ake adutse pa fyuzi ndi relay. Ambiri amangolumikiza pa waya wa koyilo chifukwa uli pafupi, koma waya umenewo ulibe fyuzi. Ndipo payenera kukhala china choithimitsa injini ikaima kapena pangozi: relay yomva kugunda kwa koyilo, swichi yomva mphamvu ya oyilo, kapena swichi yodula magetsi galimoto ikawombana. Popanda zimenezi, paipi ikaphulika pampu imapitiriza kuthira petulo pa injini yotentha mpaka wina atseke kiyi. Mukachotseratu pampu yakale, chotsaninso kachitsulo kaja ndipo bowolo mulitseke ndi chitsekero chake.

Kusintha kotereku n'koyenera kwa amene aika makabuleta awiri a Weber kapena Dellorto n'kupeza kuti malo achepa, kapena amene injini yawo ilibenso poikira pampu yakale. Pa 1600 yosasinthidwa ngati yanu, n'kudzichulukitsira mawaya ndi malo ofera panjira.

Pali njira yachitatu, ndipo ndi imene ndingachite galimotoyo itakhala yanga. Siyani pampu yakale pamalo pake, muonjezere kapampu kamagetsi pansi pa thanki, kolumikizidwa ku batani logwira ntchito pokhapokha chala chili pomwepo. Galimoto ikagonera, mumadina kwa masekondi angapo mpaka kugogoda kusinthe, mumasiya, mumaponda moto kamodzi kuti choki, kachitseko kochepetsa mpweya kukhosi kwa kabuleta, itseke, n'kuliza. Poyenda, yakale ija ndiyo imagwira ntchito. Chofunika n'chakuti kapampuko kakhale kolola petulo kudutsa kali kozima. Timabokosi togogoda tija timalola, pomwe zina zozungulira zimatseka njira, ndiye funsani musanagule. Ndipo diaphragm ya pampu yakale ikhale yamoyo, apo ayi batani lanulo lidzadzaza injini ndi petulo.

Mapaipi musawaiwale, chifukwa ambiri mwa magalimotowa apsa kuchokera pamenepo. Paipi yakale yokutidwa ndi ulusi imabisa ming'alu, ndipo petulo wosakaniza ndi ethanol amadya labala yakale. Ikani yatsopano yopirira ethanol, yothina bwino pa timilomo, ndi makilampu mbali zonse. Sefa isalendewere pakati pa pampu ndi kabuleta, pamwamba pa distributor. Kulemera kwake ndi kunjenjemera kwa injini zimasolola kamlomo ka buraasi kolowera m'kabuleta, komwe kanangokhomeredwa, kalibe mazinga. Kagwireni ndi zala mukagwedeze. Kakasuntha ngakhale pang'ono, galimoto isatuluke mpaka mutakakonza.

Ndiye yambani ndi tochi kukhosi kwa kabuleta, kenako geji, kenako kuyeza kachitsulo. Mukapeza manambalawo munditumizire, pamodzi ndi chithunzi cha chipinda cha injini chooneka malata onse, tidzaone ngati kapampu ka batani kakufunikadi.