Ndalama yakale ya ku Kilwa: koini kapena khobidi?

Bambo wina wa ku Nkhotakota walemba kuti: "Ndimatolera ndalama zakale zachitsulo. Posachedwa ndagula kandalama kamkuwa kolembedwa Chiarabu, wogulitsa akuti n'ka ku Kilwa. Ana anga akuti ndi koini, ine ndikuti ndi khobidi. Akulondola ndani? Nanga orijino tinganene bwanji m'Chichewa?"

Bambo, olondola ndinu. Khobidi, ena amati kobiri, ndi mawu amene tinatengera kwa Apwitikizi a m'chigwa cha Zambezi, omwe mkuwa amautcha cobre. Alipo amene amati tinawamva kwa Angerezi, koma ine khutu langa likukana. Agogo anga ankati kobiri, ndi "r" womveka bwino, pomanga pachingwe ndalama zobowola pakati za nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Tiki ndi sheleni sankazitcha choncho, chifukwa sizinkaoneka ngati zamkuwa. Ndiye kandalama kanuko, pokhala kamkuwa, dzina loti khobidi likukayenera kwambiri. Zimandiwawa kumva ana akuti koini chikhalirecho mawu athu alipo, ndipo anawo amanenabe okha kuti "ndilibe ndi khobidi lomwe".

Koma mawu amene amandikoma kwambiri ndi akuti ndalama. Aluya anali ndi ndalama yasiliva yotchedwa dirham, zikachuluka darahim, ndipo iwonso dzinalo analitenga kwa Agiriki akale, omwe ankati drachma. Tatchulani darahim pang'onopang'ono ngati Mchewa, mukukumbukira kuti "l" ndi "r" kwathu kuno amasinthana, mumva ndalama ikutuluka pakamwa. Kwa Ashona, ndarama ndi golide. Ine sindikayika kuti mawuwa anabwera ndi amalonda a kunyanja yamchere, omwe ankagula golide wa kumtunda kudzera pa doko la Sofala ku Mozambique. Mzinda wa Kilwa, womwe uli pachilumba ku Tanzania, unalemera ndi golide ameneyo. Khobidi la mfumu yake al-Hasan bin Sulaiman, amene Ibn Battuta, mlendo wa ku Morocco woyenda maiko ambiri, anamuchezera mu 1331, linapezeka m'mabwinja a Great Zimbabwe mu 1971, chaka chomwe ife tinayamba kugwiritsa ntchito kwacha ndi tambala.

Za orijino sitichedwapo: nenani kuti lenileni. Feki ndi lachinyengo. Musati "labodza", chifukwa bodza limanenedwa, pamene chinyengo chimachitidwa ndi manja.

Pali mawu enanso awiri amene mtoleri ngati inu asamawasokoneze, kudinda ndi kuthira. Ndalama zambiri za nthawi imeneyo ankazidinda: kachitsulo ankakaika pakati pa zidindo ziwiri n'kumenya ndi nyundo. N'chifukwa chake zenizeni sizifanana ndendende, ndipo nthawi zina zilembo zimapendekera kumbali. Onyenga ambiri amasungunula chitsulo n'kuthira m'chikombole. Mukaliyang'ana pa galasi lokulitsa, khobidi lothira limakhala ndi msoko m'mphepete, timaenje tonga ta thovu, ndi zilembo zofota ngati zanyambitidwa. Makhobidi a ku Kilwa alibe nkhope ya munthu, alibenso chaka. Mbali imodzi kuli dzina la mfumu, mbali inayo mawu onena za kukhulupirira kwake Mulungu, ndipo mizere iwiriyo imathera mofanana ngati ndakatulo. Lanulo likakhala ndi nkhope kapena chaka, si la ku Kilwa. Pezani munthu wowerenga Chiarabu, ku Nkhotakota sasowa, akuwerengereni dzina la mfumuyo.

Ngati pakhobidipo pamera zobiriwira, mutha kuzitcha dzimbiri, ngakhale dzimbiri kwenikweni ndi lachitsulo chakuda. Chonde musalikweche ndi phulusa kapena mandimu ngati poto. Odziwa ndalama zakale amayamba ayang'ana dzimbiri lomwelo, ndipo khobidi lokwechedwa limatsika mtengo.