Yankho kwa amene afunsa za wotchi zopanda batire

Achimwene, mwafunsa kuti pakati pa Seiko 5, Orient Bambino ndi Pagani Design, wotchi yoyendera kugwedezeka kwa mkono imene singakukhumudwitseni pa ndalama zochepa ndi iti. Ine ndavala Seiko 5 zaka zambiri, ndipo ndikuuzani kuti kuno ku Mangochi chofunika kuyang'ana poyamba ndi madzi ndi thukuta, kukongola kubwere pambuyo.

Bambino eni ake amaitama chifukwa cha maonekedwe, ndipo sanama, koma pa kupirira madzi inalembedwa mamita 30 okha, kutanthauza kuti imapirira mvula ndi kusamba m'manja, osati kulowa nayo m'nyanja. Mnzanga wa ku Monkey Bay anagula yake, koma kutentha kwa mwezi wa October kusanathe, lamba wake wachikopa anali atayamba kale kununkha ndi kung'aluka.

Seiko 5 inayamba kupangidwa mu 1963. Zakale zokhala ndi makina a 7S26 sizilola kupukusa ndi dzanja, choncho mukaivula Lachisanu madzulo, pofika Lolemba mumaipeza itaima chifukwa mphamvu yake imatha pakapita maola pafupifupi 40, ndipo muyenera kuigwedeza kaye kuti idzuke. Za Seiko 5 Sports zimene zinatuluka mu 2019 zili ndi makina a 4R36, opukusika, ndipo zinalembedwa mamita 100. Dandaulo la eni ambiri ndi galasi lake, limene mchenga umalikanda msanga. Langa lili ndi mizere ya mchenga wa kunyanja ku Makawa imene sidzachokanso. Musayembekezerenso kuti isunga nthawi ngati ya batire, pakuti yanga imatsogola pafupifupi mphindi imodzi pa sabata, ndipo ndimaikonza pomvera nkhani za pa wailesi.

Pagani Design zambiri zili ndi makina a NH35 ochokera ku Seiko komweko ndiponso galasi la sapphire losakandika wamba, koma eni ake sagwirizana: ena akuti nzolimba, ena akuti zinalowa nthunzi mkati. Ine sindingaike ndalama zanga pa mwayi wotere.

Ngati mungawonjezere pang'ono, tengani Orient Kamasu, ya mamita 200 ndi galasi la sapphire. Zikakanika, Seiko 5 Sports ya lamba wachitsulo ikukwanirani. Mukatuma wachibale wa ku Joni, mumuuze agule m'sitolo yopereka chitsimikizo ndi lisiti, chifukwa Seiko 5 zakale zopentedwanso pankhope zadzaza pa intaneti, ndipo pa chithunzi zimaoneka ngati zatsopano.